Buledi wa M'jombo

Ku Valdivia mvula sigogoda,
imangolowa ngati mwini nyumba.
Tsiku limene tinakutenga, Nahuel, inkavumba chomwechi.
Unabwera ndi jumbo ya malaya awiri, mswachi,
ndi fayilo yonenepa kuposa iwe.
Zaka zisanu ndi ziwiri, mano akutsogolo ataguluka.
Woweruza anadinda chidindo, nati, "Zatheka, ndi wanu."
Ife tinayesa kuti zathekadi.

Unkanditcha amalume,
monga unkaitanira aliyense wamtali
kunyumba ya ana kuja:
wophika, mlonda, wodzakonza mpopi.
Griselda ankati, "Usamukakamize, Osvaldo,
chipatso chofewetsa ndi zala sichitsekemera."
Akatero ankalowa m'bafa,
nkutsegula madzi mwamphamvu kuti tisamve.

Sabata yachitatu nyerere zinakuulula.
Ndinatsata mzere wake kuchokera kukhitchini,
kudutsa pansi pa chitofu cha nkhuni,
mpaka m'jombo zako:
zidutswa zisanu ndi chimodzi za buledi,
china chitachita chuku.
Ndinakhala pansi pomwepo, jombo ili m'manja.
Kabati ndi yodzaza, firiji ikung'ung'udza ndi kukhuta,
koma iwe ukusungira tsiku limene tidzatope nawe.

Usiku umenewo ndinakangana ndi Mulungu.
Ndinati: zaka khumi ndi chimodzi tinapempha mwana,
tinasala kudya, ndalama zinathera m'zipatala za ku Santiago,
ndiye mwatipatsa wosagona tikathimitsa nyale,
wodzidzimuka ndikangotukula mkono kuti ndipese tsitsi langa.
Ndimutani?
Sanayankhe. Malata okha ndiwo ankalankhula.
Koma m'mawa, ndikuvala kuti ndipite kokonza maboti,
ndinakhudza m'thumba la jekete kiyi wa kachipinda kaja
momwe ndinatsekera kabedi ka khanda
kamene sitinagonekepo munthu.
Kodi nanenso ndili ndi jombo yanga?
Pakamwa ndikupempha chakudya cha lero,
manja ali kumbuyo, akubisa china.

Kabedi kaja tinapatsa a Curiqueo, oyandikana nafe.
Za buledi sitinakufunse.
Griselda anangoika kadengu kumutu kwa bedi lako,
madzulo alionse kabanzi kamodzi,
nati, "Aka nkako. Mawa kudzakhala kena."
Miyezi inayi yathunthu
theka unkadya, theka unkabisa.

Kutchalitchi amayi ena amatigwira manja:
"Muli ndi mtima wabwino, mwanayu ndi wamwayi."
Sadziwa kuti Lachiwiri ndinakukalipira chifukwa cha masamu
mpaka unalowa pansi pa tebulo,
ndipo ine, ndi imvi zangazi, ndinagwada pa matabwa ozizira
kupepesa kwa timapazi tiwiri tomwe tinkaonekera.
Sadziwa kuti popemphera timatchula amayi ako okubala,
Yasna, dzina lomwe limandilemera palilime,
komabe ndimalinyamula mpaka pa ameni.
Iwe umatsinzina diso limodzi,
linalo likulondera chitseko.

Dzulo unagwa panjinga pafupi ndi mlatho.
Unakuwa liwu limene sunanditchulepo nalo,
kenako nkulivundikira msanga ndi "amalume"
ngati munthu wokwirira khala lamoto ndi phulusa.
Ndinakhala ngati sindinamve.
Ndinatsuka bondo lako, ndinawongola chiwongolero,
tinabwerera kunyumba tikukankha njinga, tonse titanyowa.

Madzulo, poyanika jombo zako pafupi ndi moto,
ndinapisamo dzanja mwachizolowezi.
Munali mchenga, kamwala koyera ka kumtsinje,
ndi kanyenyeswa kamodzi kokha
kosaposa chikhadabo changa.
Griselda anandiyang'ana, thaulo lili paphewa.
Ndinakabwezera momwemo.

Ambuye, ndi zaka zingati
zimene Inu mwakhala mukuika kadengu kumutu kwanga
osandifunsa kanthu?