Epulo ku Thong Lo

Dzuwa laswa mtengo mu Bangkok,
phula likumata kunsapato.
Tathawira m'kanyumba kodyera ka Shigeru,
thukuta lili kamukamu.

Iye akucheka nsomba yaiwisi
mopyapyala ngati tsamba,
akuigoneka pakampunga kowumba ndi zala ziwiri.
Mkazi wake, Wilaiwan, wafika chakumbuyo,
wawaza tsabola, mandimu,
ndi mango osapsa.
"Kwathu ku Osaka satero," akung'ung'udza mwamunayo.
"Nanga kuno n'kwanu?"
Zaka makumi awiri, mkangano womwewo.

Ndaponya sushi m'kamwa.
Wasabi wakwera m'mphuno,
tsabola watsalira palilime,
misozi mbwembwembwe.
Pakorn akundiseka,
tambula ya madzi oundana ili pamphumi.

Panja chifundizi chikutidikira
ngati wangongole pakhomo.
Chidikire.
Wilaiwan, mbale ina!