Mawaya Asanu ndi Awiri

Loli ya bambo inabadwa yopanda zikope.
Kumene anaipangako, chaka cha fifite wani,
ankati mkono wa munthu ndi wokwana:
tulutsa pazenera, tambasula,
wakumbuyo adziwe kuti ukukhota.
Zaka makumi anayi bambo anga Heber
akhala akubaya mphepo ya ku Paysandú ndi mkono umenewo,
ngakhale mu Julaye, mvula yozizira ikulowera m'khwapa,
malalanje akugubuduzika kumbuyo.

Chaka chino phewa lakana.
Limakwera pang'ono, n'kuima,
ngati chitseko chadzimbiri.

Ndinapita kwa Amílcar, wogulitsa zitsulo mumsewu wa kudoko.
Anayala maswichi awiri pathebulo lamafuta.
Iyi ya mawaya anayi njotchipa, anatero,
koma imafuna nyali zakezake kumbuyo,
uboola thupi la loli.
Iyi ya mawaya asanu ndi awiri imadziwa kugawana:
babu la buleki lomwelo ligwira ntchito ziwiri,
mbali imodzi liphethira, mbali inayo lingoyaka.
Ndinaganiza za nkhope ya bambo
akumva chiboolero chikulira pa Fodi yawo.
Ndinalipira yodulayo.
Anandiponyera kachitini kophethiritsa.
Ka mavoliti sikisi, mwana iwe, osati thwelofu,
ndipo nkhalamba yanuyo njamanzere:
waya wa pulasi ndiye amaluma chitsulo.

Loweruka ndinagona chagada pansi pa chiwongolero,
tochi kukamwa, fumbi la zaka likundithira m'maso.
Pepala la m'bokosi linati wachikasu apite kutsogolo kumanzere.
Linanama pepalalo, kapena ndinanama ndine.
Ndinawayesa mmodzimmodzi ndi kababu ka m'manja,
ndikulemba patepi yomata:
wakutsogolo, wakumbuyo, wochokera ku buleki.
Waya wakale, wovala nsalu,
ankayoyoka ndikangomukhudza.
Ndinadula powola, ndinalumikiza, ndinawotcherera,
ndinaika fyuzi pomwe panalibe.

Bambo anakhala pabokosi la malalanje
akuyamwa tiyi wawo wowawa ndi kapaipi kachitsulo,
osanena kanthu.
Kamodzi kokha: Ilda, batire wachotsa?
Ndinali ndisanachotse.

Dzuwa litapendeka ndinabwezera batire,
ndinakankha kandodo.
Zii.
Ndinakankhanso. Zii.
Ndinamutukwana Amílcar chamumtima, iye ndi thebulo lake.
Bambo anadzuka mwa ukalamba wawo,
anatenga mpeni wanga ndi dzanja lamanja,
anamasula lamba womangira swichi,
napala penti pakhosi pa chiwongolero
mpaka chitsulo chinaseka mbee.
Magetsi sapita, anatero,
kumene sakuona njira yobwerera.
Anamanganso lamba, nakankha kandodo ndi chala chimodzi.

Thi. Thi. Thi.
Khoma la garaja linafiira, linada, linafiiranso.
Ndinaponda buleki:
lakumanja linayaka osagwedezeka,
lakumanzere likuphethirabe ngati likudziwa nkhani.
Bambo anazungulira loli kawiri,
akufunafuna bowo latsopano.
Sanalipeze.

Lolemba tinanyamuka mbandakucha, malalanje odzaza.
Pamphambano ya kumsika anakankha kandodo,
koma zenera anali atatsitsa kale,
ndipo ndinaona phewa likudzuka lokha,
zala zikufika pamphepete, n'kupumira pomwepo,
zikumva mphepo.

Swichi imeneyi siibwerera yokha.
Amílcar anaiwala kundiuza, ine ndinaiwala kufunsa.
Tinakhota, msewu unawongoka,
thi, thi, thi, pansi pa mkokomo wa injini,
makutu a bambo osamva.
Tinadutsa sukulu, tinadutsa malo omwetsera mafuta,
tikulonjeza tauni yonse kumanzere, kumanzere.
Wa basi kumbuyo analiza hutala.
Bambo anakweza chipewa kumupatsa moni pagalasi.

Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse.
Ndinalibweza pamwendo.
Ndiwauza tikatsitsa malalanje.