Mamita Anayi ndi Kota

Aphunzitsi a Chimbalanga analemba pabolodi:
zinayi ndi kota, chotsa chimodzi ndi makota atatu.
Choko chinathyoka.
Kunja, mtambo unali utakhala pa Phiri la Zomba
ngati wabwera kudzaonerera manyazi anga.

Kota imodzi yokha, ndichotsemo bwanji atatu?
"Bwereka," anatero.
Ndinangoluma pensulo.
Kwathu ku Chinamwali liwu limenelo limabwera ndi munthu
pakutha pa mwezi, kope lili m'khwapa,
ndipo amayi amatsitsa wailesi.

Poweruka ndinadzera kumsika,
pakhonde pamene bambo amapalasa makina osokera.
Mayi Nasiyaya anali atabweretsa nsalu yobiriwira,
mamita anayi ndi kota,
akufuna diresi la mwana wawo wa kwaya.
Bambo, singano ili pamlomo, sanawerenge zala.
Anagwira mita imodzi, naipinda pakati, napindanso.
Makota anayi anatuluka m'mapindo,
ndi kaja kakumapeto, asanu.
Sizasi inadutsa mita yathunthu,
inadya makota atatu, n'kuima.

"Mamita awiri ndi theka, mayi, sungani.
Bulauzi ikwana."

Ndinafunsa: mwabwereka kwa yani?
Anachotsa singano, nandiyang'ana ngati ndafunsa za kumwezi.
"Iwe Tadala, nsalu ndi yomweyi.
Ndangoitsegula."

M'mawa mvula inatipeza pamlatho wa Mulunguzi.
Ndinalowa m'kalasi kope litanyowa ngodya,
kaulusi kobiriwira katakakamira pa yunifolomu.
Ndinathyola chathunthu chimodzi pamaso pa onse.
Palibe anagogoda pakhomo.