Mbale ya ku Bama

Bambo anga, Kopolo Jafali Mndala wa Keyala,
anabwerako ku nkhondo ndi zinthu zitatu:
chifuwa chosamva mankhwala,
mendulo imene anasinthitsa ndi chinangwa chaka cha njala,
ndi mbale iyi.

Siliva, ankatero. Ya ku Bama.
Tikafunsa kuti munaipeza bwanji,
ankayang'ana kudenga ngati likudontha
n'kutituma kumadzi
mitsuko ili yodzaza.

Zaka zonsezi yakhala pa kabati
kwathu kuno ku Linga, kuseri kwa mzikiti,
ikusunga mabatani, makiyi a maloko otayika,
malisiti a feteleza,
dzino loyamba kuguluka la mwana wanga Swaleyi.
Inada bii ngati chikhatho cha wootcha makala.

Mwezi watha kunabwera mnyamata wa ku Salima,
wa nsapato zosongoka, kasikelo m'thumba.
Anaigogoda ndi chikhadabo, inalira ngati belu la kutali.
Anatchula mtengo wokwana malata makumi awiri.
Denga langa usiku limaonetsa nyenyezi.
Ndinati bwerani mawa.
Mawa lakelo ndinati bwerani mawa.

Anaiwerenga ndi dokotala wa maso
pa chipatala cha boma, mayi wamfupi wa imvi,
wobadwira kumene bambo anasiya tulo tawo.
Ndinaikulunga m'chitenje tsiku lokachotsa ng'ala.
Ataiona anaimirira,
naigwira ndi manja awiri monga tilandirira khanda la eni.

Anati: uyu ndi mwana wa mfumu,
akupereka njovu yake yoyera kwa anthu a dziko la chilala.
Apa akupereka akavalo. Apa ngolo.
Zungulizani. Apa watsala ndi manja okha.
Ndiye amene pobadwanso anadzakhala Buda.
Wosula sanazokote kunjaku ayi,
anakhoma ndi kanyundo kuchokera m'kati
mpaka nkhani yonse inatukuka.

Anati: mayi anga ankadzuka kusanache,
mpunga wotentha ndi maluwa m'mbale yonga iyi,
n'kuima pamsewu opanda nsapato kudikira amonke.
Kwathu wolandira sathokoza.
Amathokoza ndi wopereka,
poti wapeza pofumbatulira dzanja lake.
Siyosungiramo iyi, mayi.
Imagona ndi njala mwadala.

Ndinati: ife timati sadaka.
Anamwetulira. Sanafunse kuti bambo anaipeza bwanji.
Ine ndinkafuna afunse.

Pakuti usiku wina malungo atawakwera
anabwebweta za nyumba yopemphereramo itapsa pafupi ndi mtsinje,
za belu logwa chafufumimba,
za nkhalamba yometa mpala
itakhala phee pakati pa phulusa,
ikuwayang'ana akumasula chikwama.
Kaya inawapatsa. Kaya anangotenga.
Kutacha anati malungo ndi abodza.

Ndaikwecha ndi ndimu ndi phulusa.
Njovu yatuluka poyera,
ndipo diso langa latsopanoli likuona
kuti chitamba chake chinabonyoka pang'ono,
mwina m'sitima ya pamadzi, mwina ndine ndili mwana.
Ku Bama sindingafikeko
ine amene ya basi ya ku Dwangwa imandisowa.

Lachisanu ndimathiramo mpunga wa faya wa m'dambo mwanga
n'kuisenza mpaka kukhitchini ya odikirira odwala,
kumene amayi ochokera kutali amawiritsa madzi okha
kuti anzawo asadziwe.
Ndimakhuthulira pa nsalu iliyonse yoyalidwa.
Sinditchula dzina la Jafali.
La nkhalamba ija sindilidziwa.

Pobwerera imawala pamutu panga, yopanda kanthu,
ana a sukulu n'kumacheuka.
Mnyamata wa kasikelo waimbanso foni kawiri.
Mitambo yayamba kusonkhana ku mapiri a Ntchisi.

Mabatani aja ndawaika m'chitini cha mkaka.