Kupala Moto ku Blyth

Usiku uno mphepo yatinyanyala.
Mapiko oyera aja ali m'nyanja angoima chilili
ngati akakowa odikira nsomba yosabwera.

Tili pa shifiti awiri, ine ndi Keith Dodds,
m'chipinda chopanda zenera,
tiyi atazizira m'kapu yothyoka chogwirira.
Manambala pa kompyuta akutsika pang'onopang'ono
ngati madzi a mumgolo wobooka.

Foni yalira. Ndi Torunn, kutsidya kwa nyanja,
mayi amene nkhope yake sindinaionepo.
Ndimangodziwa chifuwa chake chosatherapo
ndi mmene amapotolera dzina langa.
"Tatsegula madzi," akutero.
Ndipo pansi pa nyanja, m'matope,
pakati pa nkhanu ndi mafupa a zombo zakale,
chingwe chayamba kusenza moto wa kumapiri a Norway
kubwera nawo kuno.

Moto woyenda m'madzi, osazima.

Kwathu timati kupala moto.
Umatenga phale, nuima pakhomo pa mnzako,
sukhala n'pansi pomwe,
nubwerera chothamanga, ukuuzira khala lisafe panjira.
Sindinkadziwa kuti mayiko nawonso amapalana moto,
kungoti iwo amayamba avala mataye,
adya, ajambulitsa,
asainirana mapepala okwana mtolo
kuti agwirizane zimene mwana wa phale amadziwa kale:
lero kwazima kwako, mawa kudzazima kwanga.

Keith sakhulupirira zimenezi.
Bambo ake anakumba malasha pansi pa nyanja yomweyi
mpaka mapapo anada ngati poto,
ndipo chithunzi chawo amachisunga m'chikwama pamodzi ndi makhadi.
"Moto unali wathuwathu," akutero.
"Tsiku lina anthuwa adzakwiya, adzatitsekera."
Sindikumutsutsa.
Torunn yemweyo anandiuzapo kuti mng'ono wake amatukwana chingwechi
bilu ikafika kumapeto kwa mwezi.
Nanenso ndinakhalapo ndi aneba
amene ankathira madzi pambaula akamva mapazi.

Folo koloko. Kwathu ndiye kuti kwacha.
Uthenga wa Ganizani, mlongo wanga, wowotcherera zitsulo ku Bangwe:
Athimitsanso, achemwali. Lero lachitatu.
Geti la kasitomala lagona pansi, theka lowotcherera,
mwini wake akufuna ndalama zake.
Ati zinyalala zatseka makina kumtsinje.
Nanga chingwe cha ku Mozambique chija,
inu odziwa zingwe, chidzatikwanira tonse?

Ndayang'ana foni, ndayang'ana khoma la manambala.
Ndi chala chimodzi ndikhoza kuona magetsi a mizinda yathunthu
akuwoloka nyanja ngati mbuzi yodumpha ngalande,
koma babu limodzi la m'shedi ya Ganizani
sindingaliyatse.

Cha m'ma sikisi, mbendera ya pageti yagwedezeka.
Kenako zitini za m'bini, kenako denga lonse.
Mapiko aja ayamba kupalasa,
woyamba mwaulesi, enawo motsanzira.
Muvi wa pa kompyuta waima kaye, ngati munthu woiwala chomwe wadzera,
ndiye watembenuka.
Tsopano ndife tikutumiza.
Torunn akutseka madzi ake, awasungire tsiku lina.
"Kupatsa n'kuikiza," ndikumuuza m'chilankhulo changa.
Akutsokomola, akufunsa ngati ndati chiyani.
Keith wavala kale jekete.
"Lero tabweza," akutero, osandiyang'ana,
ndipo wanditsukira kapu.

Panja kukadali mdima, mvula yopyapyala ikubaya kumaso.
Mumsewu wathu mazenera akuyaka limodzilimodzi,
maketulo akulira, wina akusita yunifomu ya mwana,
palibe akudziwa kuti usiku wonse anagona pamoto wobwereka.

Mita ya m'nyumba mwanga yatsala ndi mapaundi awiri.
Ndakhala pamasitepe, nsapato zili kumapazi,
ndalemba kuti: Limba mtima, achimwene.
Ndafufuta.
Ndalemba kuti: Jenereta ya a Chikaonda ija amabwereketsa zingati pa tsiku?