Msomali wa M'dzino

Chaka chomwe fodya anagulidwa bwino ku Chinkhoma
ndinakwera basi ya mbandakucha kupita ku Lilongwe
ndi dzino lakutsogolo lomwe goli linabenthula.
Anachotsa mtsempha, nazika kachitsulo m'muzu
monga tizikira mzati wa chigafa,
pamwamba naveka dzino loyera kuposa anzake.
Nachanza anati, "Malata khumi ndi awiri
mwawamangira m'kamwa."
Ine ndinangoseka, kuti alione bwino.

Zaka zisanu ndi zinayi lili phee.
Mwezi wathawu, ndikusenda nzimbe pa Santhe,
ndinamva kuti the!
Pang'ono chabe, ngati udzu wouma pansi pa phazi.
Sindinauze munthu.
Kenaka kachithupsa pankhama,
kuphulika Lachiwiri, kubweranso Loweruka,
ngati wangongole wodziwa njira yachidule.

Pachipatala cha boma pa Kasungu
tinayamba tadikira magetsi.
Atayaka, mayi Zgambo anandilumitsa kapepala kolimba,
makina nalira kamodzi.
Anakweza chithunzi kuwindo.
Ndinaona muzu wanga, wotuwa ngati phulusa,
pakati pake msomali uli mbee, kuwala kodzitama.

"Mng'alu uli pati?" ndinafunsa.
"Munayendapo usiku pamsewu waukulu," iwo anatero,
"lole ikubwera ndi nyali zonse?
Dzenje limakhala pamapazi panu pomwepo
koma maso alandidwa.
Chitsulochi ndi loleyo."

Anapendeketsa makina chakumanzere. Anajambula.
Chakumanja. Anajambula.
Mapepala ojambulira atsala asanu, anatero chapansipansi,
ndipo panja pali mwana wotupa tsaya.
Zithunzi zitatu, msomali womwewo,
utaima kutsogolo kwa mlandu
ngati mboni yovala suti.

Ndinati, kumzinda kulibe makina oposa awa?
Alipo, anatero, ozungulira mutu wonse,
odula chithunzi mapisimapisi ngati chinangwa,
koma nawonso akakumana ndi chitsulo
amamwaza mizere, yoyera ndi yakuda,
wina nkuona mng'alu pomwe palibe,
wina nkuuphonya pomwe ulipo.
Ndiye mtengo wake, a Kamchamba, ndi mabelo angati?

Choncho anasiya kuyang'ana kowala.
Anayang'ana m'mbali, m'mdima.
"Onani kamthunzi aka, kotsika ndi muzu
nkukhota kunsonga ngati ndowe ya ambulera.
Fupa likuthawa chinachake."
Anatenga kawaya kokhala ndi timizere,
nayenda nako m'mphepete mwa nkhama
ngati munthu woyesa madzi a Bua ndi ndodo:
apa mposaya, apa mposaya, apa mposaya,
apa
kanangolowa, kosapeza pansi.

Sanandiuze kuti aona.
Anati, "Sindinauone, koma mapazi ake ndi awa.
Chiswe simuchiona mumzati,
mumaona dothi lomwe chakweza."
Ndinakhala chete. Chigafa changa chinagwa choncho dzana,
nsanamira zikuoneka zamoyo.

Ndinavomera.
Jakisoni, mlomo nkusanduka wa munthu wina.
Pomwe ankakoka sindinamve ululu,
ndinangomva phokoso m'mutu
ngati akuzula chitsa kumunda kwa eni.
M'kambale munagwa zinthu zitatu:
mbali iyi ya muzu, mbali iyo,
zogawanika bwinobwino ngati mtedza wokazinga,
ndi msomali pakati, wosapindika, wopanda dzimbiri,
wosalakwa.

Mayi Zgambo anapumira m'mwamba.
Ndipomwe ndinadziwa kuti nawonso amaopa
kuzula dzino lamoyo.

Ndinapempha kachitsuloko.
Anakatsuka, nakakulunga m'kapepala ka mankhwala.
Pakabaza wopita kudepoti mphepo inkalowa pagwerupo,
lilime likupitapita kukaona maliro.

Kunyumba Nachanza anakatembenuza pachikhatho,
nakayeza ndi chala chaching'ono.
"Malata khumi ndi awiri," anatero,
"ngakhale limodzi sikangakhomere."
Kenaka anandiyang'ana nthawi yaitali.
"Tasekani," anatero.
Ndinakana.
"Tasekani, ndione pomwe mwakhala mukundibisira."