Kafayilo Kamodzi

Anandiimbira foni kusanache bwino,
mayi Bogumiła, a shopu yopeta nsalu
kuseri kwa fakitale yakale ku Łódź.
Makina angoti zii, anatero,
chonsecho zipewa makumi asanu ndi limodzi za ozimitsa moto
zikufunika Lachisanu.

Ndinafika nsapato zitanyowa ndi chipale chofewa.
Pa sikirini kabokosi koyera kakulankhula mopanda manyazi:
pulogalamu siyingayambe,
haft32.dll sakupezeka pa kompyuta ino.
Pansi pake batani limodzi lokha,
loti uvomereze, ngati kuti unafunsidwa maganizo.

Wagwira ndani?
Mdzukulu wawo Ksawery anabisa chibwano mu kolala ya juzi.
Ankafuna malo a masewera ake,
ndiye anasesa mafoda onse amene mayina ake sanawamve.
Safunsa anadya phula, ndinafuna kutero,
koma makutu a mwanayo anali atafiira kale.

Mayiwo ndinawafotokozera motere:
pulogalamu siyenda yokha,
imakhalira kubwereka.
Ikafuna kujambula duwa imagogoda khomo ili,
ikafuna kuuza singano pokhota imagogoda lina.
Laibulale, timatero ife, ngakhale mulibemo buku.
Lero yapita kukagogoda, yapeza pabwinja.

Pa intaneti ndinaipeza fayilo ya dzina lomwelo,
pa tsamba lodzaza mabatani obiriwira onyengerera.
Ndinaikayikira, ndinaipima, ndinaiika.
Pulogalamu inatseguka,
mayi anaomba m'manja kamodzi kokha,
kenako phethi, yazima.
Uthenga wasintha tsopano:
khomo ndalipeza, koma amene ndikumufuna sakhala muno.
Dzina lomwelo, msinkhu wina,
mlendo wovala jekete ya mwini nyumba.

Ndinaichotsa. Ndinasuzumira mu bini ya kompyuta: mbee.
Kampani yopanga pulogalamuyi inatseka kalekale,
nambala yawo akuyankha ndi munthu wogulitsa matayala.
Tiyi wachiwiri anazizirira pambali pa kiyibodi.
Panja tramu inadutsa, mawindo n'kunjenjemera.

Anaika pulogalamuyi poyamba ndani?
Anayamba akhala kaye chete.
Malemu bambo akunyumba, a Zdzisław.
Sankataya kanthu munthu uja, ngakhale msomali wopindika.
Tinakhuthula madirowa atatu:
mabatani, mazipi, malisiti achikasu,
magalasi othyoka mwendo umodzi,
ndipo pansi penipeni, mu envelopu ya bilu ya gasi,
chimbale chokandikakandika,
cholembedwa ndi dzanja lopendekera:
Usataye, Bogusiu.

Kompyutayo inalibe polowetsa chimbale.
Ksawery anathamangira kwa wosula makiyi wa pakona
n'kubwera wefuwefu ndi kachipangizo kafumbi,
chingwe chikukwekwereka m'mbuyo.
Chimbale chinazungulira, chinatsokomola,
chinaima ngati chikuganiza,
chinazunguliranso.
Tonse atatu mpweya tagwira.
Kafayilo kake kanali kochepa
kuposa chithunzi chimodzi cha pa foni ya mnyamatayo.

Ndinakabwezera pamalo pake, m'foda momwe kanasesedwa.
Kabokosi koyera sikanabwerenso.
Singano inatsika, kakakaka,
ulusi wofiira n'kuyamba kuluka lawi la moto
pa chipewa choyamba.

Ndinakakopera pa fulashi ziwiri.
Imodzi ndinaika m'dirowa la mabatani,
inayo ndinapatsa wosesa uja kuti asunge iyeyo.
Anailandira ndi manja awiri ngati dzira.

Mayi Bogumiła makina sanawayang'ane n'komwe.
Anali akusalaza envelopu ija pa tebulo
ndi chala chachikulu, kona ndi kona,
ulusi woduka utawakanirira pa mkono wa juzi.
Anandifunsa mtengo maso ali pa malemba aja.
Ndinatchula wa ola limodzi.
Ndinali nditakhalapo anayi,
ndipo nsapato zinali zisanaume.